Mizere Khumi ya Kumsewu

Munda umene amayi anapatsa amuna anga unali m'mbali mwa msewu wopita ku Thambani, ndipo tsoka lonse linayambira pamenepo. Munda wa kuseri kwa phiri umalimidwa ndi mwini wake yekha. Munda wa kumsewu umalimidwa ndi aliyense wodutsa: wakabaza, okwera matola, mayi wopita kusikelo, ngakhale chidakwa chimene kwawo chilibe ndi phesi limodzi lomwe. Onsewo amaima, manja m'chiuno, n'kupereka malikisi ngati aphunzitsi.

Amuna angawo anali munthu wa mapepala. Ndinawadziwira kumalire, kumene ankalembera madalaivala a mathiraki mafomu a katundu m'kaofesi kena ka chitseko chimodzi, ine ndikugulitsa manachesi panja pake. Ankavala tayi ngakhale mu Okutobala, bolopeni ziwiri m'thumba la malaya, ndipo ndisaname, ndinakopeka ndi bolopenizo. Patapita zaka zingapo chiyambire zipani zambiri, kaofesi kaja kanatsekedwa. Ufulu wolankhula tinali nawo wambiri, koma ufulu suphikidwa. Tinanyamuka kupita kwathu, kuchikamwini, titatenga sutikesi, wailesi, mwana wa miyezi isanu, ndi thumba limodzi la feteleza wa yureya limene dalaivala wina anawapatsa powatsanzika.

Atsibweni, mchimwene wawo wa amayi, ndiwo anali mwini mbumba yathu. Anawapatsa moni amuna anga, koma dzanja sanalitaye msanga. Analitembenuza n'kuliyang'anitsitsa ngati akugula mbuzi.

"Losalala ngati sopo," anatero. "Bambo, kuno sitidya sitampa. Tikupatsani dzinja limodzi. Nkhokwe ya mwana wathuyu ikadzaza, mwakhala. Ikapanda kudzaza, mwayi wanu ndi wakuti munda wanu uli pamsewu pomwe, simusochera."

Anthu anaseka, amuna anga nawonso anaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Ine sindinaseke, chifukwa atsibweniwo anali atathamangitsapo kale akamwini awiri, ndipo mmodzi mwa iwo anali mlimi weniweni.

Tsono kwathu mkamwini salankhula ndi apongozi ake aakazi. Akakumana panjira, mmodzi amapatukira m'tchire ngati wamva m'mimba. Amayi ndi amuna anga anakhala miyezi isanu ndi itatu nyumba zitayang'anizana, koma maso sanaphanepo. Mawu onse ankadzera mwa ine. Ndinali positi ofesi yawo, ndipo positi ofesi yake inali ija yotsegula makalata a eni.

Mu Okutobala, tikuyamba kuunda mizere, amayi anandiitanira pakhonde la kuseri kwa khitchini yawo. Pamenepo panali matumba asanu ndi limodzi a phulusa limene anakhala akusunga chilimwe chonse.

"Tamvera iwe," anatero. "Munda ujawu ndi wamchenga, ndipo unatopa kalekale. Chimanga chake chikangofika m'mawondo, masamba am'munsi amapsa m'mphepete ngati wawaula pamoto, phesi n'kukhala lopanda msana. Ukawauze abambo akewo asenze phulusali, akamwaze m'mizere asanakwirire. Feteleza wawoyo adikire mbewu imere, agawe munda wonse, kachitsekerero ka botolo kamodzi paphando, ndipo asagunditse mbewu. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Kuchokera kukhitchini kwa amayi kufika pakhonde pathu panali mapazi makumi atatu basi. M'mapazi amenewo uthenga unaonda. Ndinakumbukira azimayi a kumjigo, amene m'mawa womwewo anali atandifunsa ngati abwana akudziwa mbali imene khasu limagwiridwa. Ndinawaona m'maganizo amuna anga, munthu wa Fomu Folo, atasenza thumba la phulusa pamutu, atayera mbuu ngati wochokera kuchigayo, akudutsa mumsewu akabaza akuimba mabelu. Ndinati ayi, ine sindinakwatiwe ndi bolopeni ziwiri kuti zikathere m'phulusa.

"Amayi akuti chiyani?" anafunsa amuna anga.

"Akuti mulimbikire."

"Mukawauze kuti ndathokoza kwambiri."

Uthenga umenewo ndinaufikitsa wonse, osachotsapo kanthu.

Ndiwachitire chilungamo: kulimbikira analimbikira. Manja anatuluka matuza, matuza anaphulika, iwo anamanga nsanza n'kupitiriza. Mizere yawo inali yowongoka ngati ya m'kope, chifukwa ankaiyeza ndi chingwe anthu akuwaseka. Pofika Novembala anali ataonda moti tayi ija inapeza ntchito yatsopano yomangira thalauza.

Mvula inagwa, tinabzala, chimanga chinamera bwino. Chitafika masamba anayi kapena asanu, amuna anga anatulutsa thumba lija n'kuyamba kuwerenga zolembedwa pamenepo mokweza, kuti anansi amveko. Anandiuza kuti mu yureya muli chakudya cha mbewu chotchedwa nayitulojeni, chimene chimabiriwiritsa masamba ndi kukulitsa chimanga, ndipo anachiphunzira ali Fomu Thuu. Kenako anatenga pepala, anawerengetsa mizere ndi mapando, n'kupeza yankho: kachitsekerero kamodzi paphando, munda wonse. Sukulu yawo ndi umbuli wa amayi zinagwirizana ndendende popanda kuonana. Amene sanagwirizane nazo ndinali ine.

"Kachitsekerero kamodzi?" ndinatero. "Mukudyetsa mbalame kodi? Ndiye anthu aona chiyani?"

Kwathu aliyense wa munda wa kumsewu amaonjezerako pang'ono m'mizere ya kutsogolo, monga momwe mayi amasesera pabwalo kuposa kuseri kwa nyumba. Mpaka lero ndikakwera matola kuchokera kuboma n'kuona munda wobiriwira m'mbali mwa msewu, ndimatalikitsa khosi kuti ndione kumbuyo kwake. Ngakhale atsibweni ankachita zomwezo, koma iwo ankadziwa polekezera. Ine polekezera sindinkapafuna. Ndinkafuna kuti azimayi a kumjigo aja atsamwidwe ndi mawu awo. Ndinawauza amuna anga kuti atsibweni salowa m'munda mwa mkamwini, amaweruza ataima pamsewu, ndipo akakhuta ndi maso mu Januwale sadzavutikanso kusuzumira m'nkhokwe.

"Nanga amayi akuti bwanji pa zimenezi?" anafunsa.

Ndinatuluka, ndinazungulira nyumba, ndinaima pang'ono kuseri ndikuyang'ana nkhuku, n'kubwerera.

"Akuti mwini munda ndinu, koma iwonso amayamba ndi kumsewu."

Anayang'ana pepala lawo lija kanthawi, analipinda n'kuliika m'thumba. Munthu wobwera sakangana ndi apongozi.

M'mawa mwake ine ndinatsogola ndi kamtengo ndikubowola, iwo pambuyo akuthira ndi kukwirira. Mizere khumi ya kumsewu inalandira tizitsekerero titatu paphando. Patatha milungu iwiri tinabwereza. Mzere wotsatira tinaukutumulira thumba lopanda kanthu, ndipo mizere ina yonse, pafupifupi makumi asanu, inangomva fungo.

Pamene tinagunditsa feteleza kumbewu, mbewuyo inapsa n'kuuma ngati yathiridwa madzi owira, ndipo mapando amenewo ndinapakiza msangamsanga anthu asanaone. Koma chotsalacho, mayo ine! Chinabiriwira mpaka kuoneka chakuda, masamba otakata, chikukula ngati chikuthamangitsidwa. Akabaza ankachepetsa liwiro. Munthu wina pa matola anafuula kuti, "Esiteti ya ndani iyi?" Kumjigo nkhani inatembenuka. Azimayi omwe aja a khasu anayamba kunena kuti sukulu ndi yabwino, ndipo wina anandisiyira malo ake kuti nditunge msanga. Ndinatunga. Ndinanyada mpaka khosi linkandiwawa. Atsibweni anaima pamsewu manja kumbuyo, anati, "Ehe," n'kupita, ndipo kwa iwo "ehe" inali nyimbo yonse ya chitamando.

Amayi okha ndiwo sanasangalale. Anandifunsa chifukwa chake matumba a phulusa anali akadali pakhonde.

"Akuti mwina chaka chamawa," ndinayankha.

"Ophunzira," anatero amayi, n'kulavula.

Munthu yekhayo amene ankalowa m'kati mwa munda anali mwini wake, amuna anga, ndipo ankatulukamo nkhope itagwa. Tsiku lina anandikokera komweko. Kuseri kwa chinsalu chobiriwira chija kunali njala yokhayokha. Chimanga chinali chachifupi, chosafika ndi m'mawondo momwe, choonda, chotuwa. Masamba am'munsi anali atachita chikasu kuyambira kunsonga kutsatira mtsempha wa pakati, ena atapsa m'mphepete monga ananenera amayi. Kenako ananditengera kumizere yathu yonyadira ija. Anakweza masamba akuluakuluwo n'kundionetsa kuti am'munsi nawonso akupsa m'mphepete. Anadina phesi ndi chala chachikulu, ndipo chala chinalowa ngati m'tsinde la nthochi.

"Chimangachi n'chonenepa koma chilibe mphamvu," anatero. "Chonde, mukawafunse amayi. Iwo mundawu amaudziwa."

Ndinapita. Ndinakhala nawo amayi, tinakambirana za mchere ndi za chifuwa cha mwana, n'kubwerako.

"Akuti ndi mvula yachuluka, chisintha chokha."

Nthawi imeneyo mantha anali atandigwira kale. Koma kuti ndinene zoona ndinafunika kuyambira ku Okutobala, ndipo Okutobala anali kutali kwambiri.

Mphepo inabwera masana ena mu Januwale kuchokera cha ku Mozambiki, pamodzi ndi mvula yake. Sinali mphepo yoti n'kuitchula, sinasasule denga ndi limodzi lomwe. Chimanga cha anthu ena chinangowerama n'kudzukanso. Kachigawo ka amayi ka kuseri kwa nyumba, kamene kankadya phulusa ndi zitosi za nkhuku chaka ndi chaka, kanaima chilili. Koma mizere yathu khumi inagona yonse chafufumimba, mitu italoza kumsewu, ngati anthu ogwadira bwana. Ndipo itagona, msewu wonse unaona zimene zinali kumbuyo kwake.

Mawa lake linali tsiku la msika. Sindinkadziwa kuti ku Thambani kumapita anthu ambiri chonchija, kapena kuti aliyense wa iwo anali ndi nthawi yoima. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mwambi umenewu ndinaumva kasanu dzuwa lisanafike pamutu, kawiri kuchokera kwa mayi yemwe uja amene anandisiyira malo pamjigo. Wa matola uja wa esiteti anadutsanso, ndipo ulendo uno anafunsa ngati antchito a paesitetipo anathawa.

Alangizi a zaulimi anatulukira pa njinga yawo, anaona khamu, n'kuzindikira kuti apeza kalasi yodzisonkhanitsa yokha. Anazula phesi limodzi n'kulipinda, ndipo linangophwanyika, lili madzi okhaokha.

"Taonani kuno nonse," anatero. "Mbewu yaing'ono imafuna zakudya zingapo, osati chimodzi. Nayitulojeni amaipatsa thupi. Akasowa, ndi icho chachikasu mukuchiona uko. Potaziyamu amaipatsa mafupa, kuti phesi lilimbe ndi mizu igwire. Akasowa, masamba amapsa m'mphepete. Tsono abambowa atenga thupi la munda wonse n'kulipatsa mizere khumi yopanda mafupa. Mwana wonenepa wopanda mafupa angaime?"

"Sangaime!" linavomera khamu, ngati pamsonkhano wa chipani.

Amuna anga, mwa ulemu wawo uja, anafunsa kumene potaziyamuyo amapezeka.

"Ali m'feteleza wina, inde," anatero alangizi. "Koma ngakhale phulusa la kukhitchini lili naye. Kodi kwanuko kulibe apongozi okuuzani?"

Khamu linafa nalo phwete. Amuna anga sanaseke. Matumba asanu ndi limodzi aja ankawaona chapatali tsiku lililonse, ndipo atandifunsa ntchito yake ndinali nditawauza kuti ndi othira m'chimbudzi. Anatembenuka n'kundiyang'ana. Anangotenga khasu n'kuyamba kudzutsa chimanga phesi limodzilimodzi, akuliunjikira dothi, anthu akuonerera.

Kuyambira tsiku limenelo sananditumenso kwa amayi. Positi ofesi inatsekedwa ngati kaofesi kawo kaja. Ankadzuka m'mawa kupita kumunda umene aliyense ankadziwa kuti watha, ankapalira ngakhale chachikasu chija, ankabwera n'kundithokoza ndikawapatsa madzi osamba. Ulemu umenewo unkandipweteka kuposa khofi. Kangapo ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule, koma chotuluka chinali kufunsa ngati ndiwo zakwana mchere.

China mwa chimanga chogwa chija chinadzuka chokhota ngati ndodo ya nkhalamba, n'kubereka tiana totalika ngati chala. Cha m'kati sichinavutike n'komwe kubereka. Zokolola zonse zinakwana madengu atatu, ndipo nkhokwe imene amuna anga anamanga ndi manja awo inangokhala pogona nkhuku.

Mlandu unakambidwa m'mawa wina mu Meyi, pansi pa mtengo wa manachesi. Kunali atsibweni, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndi amayi atakhala chapatali, atafulatira monga mwa mwambo. Ine ndinakhala pamphasa, mwana kumsana.

"Njala imagwera aliyense, imeneyo tikhoza kukhululuka," anatero atsibweni. "Koma mwano ayi. Apongozi anu anakutumizirani uthenga wa phulusa, anakuuzaninso kagawidwe ka feteleza. Inu munati chaka chamawa, chifukwa muli ndi Fomu Folo. Tsono ndikufunsa kamodzi. Ngati uthengawo sunafike, nenani, tiyang'ane pena. Unafika kapena sunafike?"

Pamenepo ndi pamene ndinayenera kulankhula. Pakamwa ndinali napo, pomwe paja pamene panagwira ntchito dzinja lonse. Koma mwana, amene anali m'tulo osavutitsa munthu, ndinayamba kumugwedeza ndi kumukonzera nsalu ngati akulira. Amuna anga anandiyang'ana kanthawi, kenako anayang'ana manja awo, amene tsopano anali okhakhala kuposa a atsibweni.

"Unafika," anatero. "Ndine ndinalakwa."

Mlandu unathera pomwepo. Atsibweni sanachite kuwonjezera mawu, anangoloza kumsewu ndi chibwano.

Wailesi anatisiyira. Ndinawaperekeza, ndipo malo odikirira matola anali pamunda pomwe paja, pafupi ndi mapesi okhota. Ndinayembekezera kuti anditukwane, ndipo ndikanakonda akanatero. Matola atatulukira, anagwira mwana patsaya, anakweza sutikesi, n'kutembenukira kwa ine.

"Amake mwana, mukawauze amayi kuti ndathokoza chifukwa cha phulusa lija. Uthenga uwu wokha mukaufikitse."

Ndinaufikitsa, pamodzi ndi ena onse amene ndinali nditabisa kuyambira Okutobala. Ndinalira mpaka mamina. Amayi ankatongola timadengu tathu titatu tija, ndipo sanadzutse ndi mutu womwe.

"Ukuyesa sindinkadziwa?" anatero. "Munthu wodzutsa chimanga phesi limodzilimodzi sangakane kusenza phulusa. Ndinadziwa tsiku lomwe lija."

"Nanga bwanji simunanene pamlandu paja?"

"Ndikuyalutse pamaso pa ankhoswe a eni ake? Mkamwini amapezeka wina. Iwe ndikanakuthamangitsira kuti?"

Amuna anga anawolokera ku Zobue, kenako ndinamva kuti ali ku Tete, akulemba mafomu m'Chipwitikizi. Mwana ankamutumizira zovala kudzera mwa madalaivala, koma kwathu sanapondekonso. Mkamwini wina anapezekadi patapita zaka, wodziwa khasu, wodziwanso mowa, ndipo atsibweni anamukonda kwambiri.

Koma Okutobala wa chaka chomwe chija atafika, amayi sanatume uthenga kwa munthu. Anangondilozera matumba aja pakhonde. Ndinasenza limodzilimodzi, maulendo asanu ndi limodzi, tsiku la msika, dzuwa likuswa mtengo, phulusa likundithothokera kumaso mpaka ndinayera mbuu. Ndinadutsa pamjigo azimayi aja ali pomwepo, ndinachepetsa mapazi, ndikudikira kuseka kumene ndinatayira mwamuna wabwino. Mmodzi anandifunsa ngati ndingamugawireko pang'ono. Enawo anapitiriza kupopa madzi. Wakabaza wina anaimba belu kumbuyo kwanga, ndinati basi ayamba, koma ankangofuna kuti ndipatuke adutse.